Tambala wa Padenga la Shedi

A Overstone Chikaonda amawotcherera zitsulo kumgodi, kumpoto kwenikweni, ndipo kunyumba kwawo ku Ellenbrook, m'dziko la eni lomwelo kutsidya kwa nyanja, amangofikako patchuthi. Bambowa ndi dzimbiri samwerana madzi. Akaliona pageti, ngakhale la eni ake, manja amawayabwa.

Chaka chimene analowa m'nyumbayi anadula tambala palata lotsala, n'kumuika padenga la shedi kuti azizungulira kusonyeza kochokera mphepo. Kenako anamuiwala.

Tsiku lina atangofika kuchokera kumgodi, anapeza chithunzi pakhoma pabalaza. Anajambula ndi mwana wawo Tionge, wophunzira unamwino kuyunivesite ya Murdoch, ndi penti wosungunula m'madzi. A Overstone anaima pamenepo chikwama chili paphewa. Anali tambala wawo yemwe uja: dzimbiri lofiirira m'khosi, mchira wopindika, ngakhale chipsera cha pomwe anawotcherera mothamanga.

"Wandiyalutsa iwe," anatero kwa Tionge akuseka. "Koma dzanja uli nalo! Dzimbirili likuchita kukongola. Chimodzi chokha: masana mphepo imachokera kunyanja, nanga bwanji wayang'ana kumpoto?"

"Anasiya kuzungulira kalekale, adadi."

A Overstone anaponya chikwama pansi, liwiro kushedi kukatenga oilo ndi makwerero. Tionge anawatsatira n'kugwira makwererowo.

"Musiyeni choncho," anatero m'Chichewa chake chopotoka lilime cha mwana wokulira kunja. "Amaloza kumgodi, kumene inu mumakhala. Ine ndi amami timamuyang'ana m'mawa uliwonse."

Oilo uja a Overstone anakathira pageti la aneba.