Zimene Manja a Falesi Anamva

Mukamuona Falesi lero akutsika takisi ku Silverton, yunifolomu ili mbee, chikwama kukhwapa, simungadziwe kuti ndi munthu amene anatha miyezi itatu akunjenjemera foni ikangolira. Kwawo ndi ku Ntcheu. Ku Joni anabwera ali mtsikana, nayamba za m'nyumba ngati anzake onse. Mwayi wake unali nkhalamba ina yachizungu yotupa miyendo. Falesi ankaithowa ndi madzi ofunda monga ankachitira ndi amayi ake kumudzi, ndipo mwana wa nkhalambayo ataona, anamutumiza kusukulu ya zotikita minofu. Atakhoza mayeso, bungwe loyang'anira ntchitoyi linamulemba m'kaundula n'kumupatsa chiphaso. Chiphasocho anachipachika pakhoma m'kachipinda kake kukiliniki, ndipo ankachipukuta kuposa nkhope yake yomwe.

Malamulo a ntchito ankawadziwa ngati Atate Wathu. Funsa kaye usanamugwire munthu. Funditsa thaulo pamene sukutikitapo. Mwendo wotupa ndi wotentha usayerekeze kuutikita, tumiza kwa dokotala. Zimene wamva m'chipinda zithere m'chipinda momwemo. Lomalizali, tinene chilungamo, ankaliona ngati la anthu olemera obisa za m'nyumba zawo. Kwathu wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo Falesi anakula akumva zimenezo.

Loweruka lina kunabwera Amayi Naomi, anzake a kumpingo ku Sunnyside, amene ankalera khanda la adona ena. Ankadandaula khosi. Falesi atawagwira phewa anawauza kuti amufinye zala. Dzanja lamanja linalibe mphamvu n'pang'ono pomwe.

"Zayamba liti, amayi?"

"Miyezi iwiri tsopano. Makapu ndaswa atatu. Koma eish, adona asadziwe."

Falesi anawalembera kalata ya kwa dokotala, zonse mwa lamulo. Adonawo sanawauze, sankawadziwa n'komwe. Koma Lachinayi pamsonkhano wa amayi a mpingo, wapampando Amayi Chakufwa anafunsa monga mwa masiku onse: "Alipo odwala pakati pathu?" Pakamwa pa Falesi panatseguka pokha, nkhani ya dzanja la Amayi Naomi n'kutuluka. Sanali miseche, inu. Chinali chisoni.

Sabata yotsatira amayi asanu ndi atatu anaima pageti pa adona aja, zitenje m'chiuno, buledi ndi shuga m'manja, nyimbo ili pakamwa. Kuzonda wodwala ndiye amakudziwa amayi athuwa. Adona anatuluka kudzafunsa chimene chachitika. Mayi wina, pofuna kuonetsa Chingelezi chake, anafotokoza bwinobwino kuti abwera kudzapempherera dzanja la Naomi limene lauma. Adona anangoyang'ana khanda lawo lili m'manja mwa Amayi Naomi, n'kulitenga. Lachisanu ntchito ya zaka khumi ndi chimodzi inali itatha, pamodzi ndi kachipinda kogona ka kuseri.

Dandaulo lopita ku bungwe lija analemba ndi Refilwe, mwana wa Amayi Naomi, wobadwira konkuno, wodziwa khomo lililonse la ofesi m'tauni. Kalata ya bungwe itafika, Falesi anaiwerenga ali chiimire, kenako anakhala pansi. Ankamuitana kuti akayankhe mlandu woulula chinsinsi cha munthu amene anamuthandiza, ndipo akapezeka wolakwa akhoza kufufutidwa m'kaundula.

Mantha amene anamugwira simunawaone. Akamatikita msana wa munthu, maso ali pachiphaso, ngati wina alowa n'kuchitsitsa pompo. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mawondo atayamba kulira. Akabwerera bwanji kokolopa? Ana awiri kusukulu ankadya za manja omwewo. Akamva galimoto ikuima panja, ankasuzumira pawindo, ngakhale ankadziwa kuti a bungwe sabwera ndi maunyolo.

Amayi Chakufwa anamukokera pambali. "Mwanawe, usadandaule. Tikanena kuti tinaona tokha Naomi akugwetsa Baibulo m'tchalitchi. Iwe sunanene kanthu. Tonse eyiti pakamwa pamodzi."

Falesi anavomera. Musamuweruze msanga, mukanakhala inu mukanavomeranso. Bodzalo analiloweza m'takisi, kupita ndi kubwera, mpaka linayamba kumveka ngati zoona.

Tsiku la mlandu analowa m'chipinda chozizira. Anthu atatu kuseri kwa tebulo, mafayelo, mabotolo amadzi. Mbali inayo Refilwe, nkhope ili gwa, ndi amayi ake atawonda, dzanja lamanja litagona pamwendo. Wotsogolera, dokotala wachizimayi dzina lake Dineo, anafunsa mofatsa kwambiri, ndipo kufatsako ndiko kunkaopsa.

"Kodi munauza munthu aliyense za dzanja la amayiwa?"

Bodza linali lokonzeka kunsonga kwa lilime. Nthawi yomweyo Amayi Naomi anatenga botolo lamadzi n'kuyesa kulitsekula. Zala zinaterera. Anayesanso, zinatereranso. Anabweza botololo pang'onopang'ono kuti wina asaone. Koma Falesi anaona, ndipo manja ake omwe ankadziwa mtsempha umene ukukana.

"Ndinanena ndine," anatero. "Ndimafuna akawaone. Kwathu wodwala sakhala yekha."

"Iwo anakupemphani kuti akawaone?"

Falesi anaweramitsa mutu. Anangomva thukuta likutsika kumsana.

A bungwe anamuimitsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi, n'kumulamula kuti akaphunzirenso malamulo a ntchito. Anamuuzanso poyera kuti akadzabwereza, dzina lake lidzachoka m'kaundula osabwereramo. Potuluka anakumana ndi Amayi Naomi pakhomo. Falesi anapinda mawondo, moni ali pakamwa. Iwo anangodutsa. Zimenezo zinamuwawa kuposa chigamulo.

Miyezi ija inatha, chiphaso chinabwerera pakhoma. Falesi akugwirabe ntchito, ndipo amene amamudziwa amati manja ake ndi omwe aja, koma wasanduka munthu wosalankhula.

Mwezi wathawu kunabwera Emily, woimba kwaya kumpingo kwawo, mayi wa ana atatu, mwamuna ali ku Malawi. Ankangofuna kuti amuwongole mapewa. Zala za Falesi zikuyenda, zinakumana ndi kanthu kolimba kukhwapa, kosasuntha, ngati nsawawa. Anamuuza zoona zake, namulembera kalata ya kuchipatala, namupempha kuti asazengereze.

"Ndipita," anatero Emily akuvala. "Koma Achemwali, musauze munthu. Ngakhale mmodzi."

Kaya wapita kaya sanapite, Falesi sakudziwa. Akamufunsa pa awiri, Emily amangoseka n'kusintha nkhani.

Lachinayi lapitali kumsonkhano wa amayi, awiriwa anakhala pabenchi imodzi. Emily anaimba mokweza kuposa onse. Kenako Amayi Chakufwa anaimirira, nayendetsa maso m'chipinda monse.

"Alipo odwala pakati pathu?"

Falesi anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti amayi awa atangomva, mawa lomwe Emily angamunyamule mpaka kuchipatala, afune asafune. Ankadziwanso zimene zinachitika pageti paja. Pansi pa benchi dzanja la Emily linagwira lake, lozizira, n'kufinya mwamphamvu.

"Palibe? Ndiye tithokoze Ambuye, tonse tili bwino," anatero Amayi Chakufwa.

Onse anatsinzina. Falesi anatsinzina nawo, koma Ameni sanatuluke.