Masiku Khumi a Renske

Renske Hoogland wakonza njinga za anthu a ku Zwolle, m'dziko la Netherlands, kwa zaka makumi atatu, ndipo zikhadabo zake siziyera ngakhale azitsuke ndi sopo wanji. Nyengo yotentha ikamayandikira, kashopu kake kamadzaza ndi anthu a maulendo: uyu wopita ku Norway, uyo wokakwera mapiri a ku Spain. Amawamangira masipoko, kuwapopera matayala, iwo n'kumapita. Akabwerako amamuonetsa zithunzi asanapemphedwe n'komwe. "Nawenso udzapiteko, Renske, moyo ndi umodzi." Iye ankangomwetulira. Apite, bambo ake atsale ndi yani?

Bambowo anafa ziwalo mbali yakumanja zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mayi atatsogola kale. Ana alipo awiri: Renske ndi mlongo wake wamng'ono Ewoud, wogulitsa nyumba kutsidya kwa mtsinje, ku Hattem. Za wosamala nkhalambayo sanakhalirepo pansi. Ewoud ali ndi mkazi, Marloes, ndi ana, Renske alibe, basi mlandu unathera pomwepo. Bwanayo amabwera Lamlungu loyamba la mwezi ndi maluwa, n'kukhala ola limodzi, maso ali pa wotchi.

Atakwanitsa zaka 57, Renske anamanga mfundo: masiku khumi ku Scotland, yekha, pa njinga. Za gulu lotsatira munthu wonyamula kambendera sanazifune. Ankafuna msewu woti akatopa aime osapempha munthu. Njinga anaimanga yekha ndi zitsulo zotsala m'shopu. Anatenga pasipoti yoyamba m'moyo wake. Katundu yense anamuyeza pa sikelo ya kukhitchini, mpaka kudula chogwirira cha mswachi, ndipo midzi ya mayina opinda lilime anailoweza pa mapu ngati mavesi.

Za Ewoud anakonzeratu mu Januwale, pa tsiku lobadwa la bambo, abale atakhala mozungulira ndi khofi ndi keke. Kuno ngakhale kucheza ndi m'bale wako kumayamba kwalembedwa m'kabuku ka masiku, ndiye Renske anamuimirira pamutu mpaka analemba ndi inki kuti sabata ndi theka loyamba la Juni bambo ndi ake.

Kutatsala tsiku limodzi, foni inalira iye akumata chubu.

"Rens, tamvera, pavuta pang'ono," anatero Ewoud. "Marloes wapeza kanyumba kunyanja sabata yomweyi, ana asangalala kale. Sungasunthe kaulendo kakoko? Paja iwe uli wekha, palibe chokumanga."

"Palibe chondimanga? Iwe Ewoud, bambo ako amawasambitsa ndani, mvula? Matewera amadzisintha okha?"

"Aa, usayambe zakozo. Scotland sathawa."

Renske anadula foni. Kanyumba ka kunyanjako sikanamuwawe kwenikweni. Chinamubaya ndi liwu lija lakuti wekha, lochokera pakamwa pa munthu amene wagona tulo tokoma zaka zonsezi pamsana pake.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anatseka shopu, nalongedza zovala ndi mankhwala, nakweza bambo pa njinga yawo yokhala ndi mpando wa wodwala kutsogolo.

"Tikupita kuti?" anafunsa bambo ali pa mlatho.

"Kwa mwana wanu wokondedwa uja."

"Akudziwa?"

"Kuyambira Januwale."

Nkhalambayo inaseka ndi theka la kamwa lomwe limagwirabe ntchito.

Anafika sikisi koloko yeniyeni madzulo, nthawi yomwe mbatata za m'poto zawerengedwa kale ndipo mlendo salandiridwa. Marloes, mkazi wa Ewoud, anatsekula chitseko foloko ili m'manja.

"Koma Renske, osaimba foni?"

Ewoud anatulukira kumbuyo kwake nkhope itafiira. "Wapenga kodi? Sungangowatula pakhomo ngati phukusi!"

"Mankhwala ali m'chikwamamo, pepala lili pamwamba. Kunyanjako atengeni, nawonso kamphepo amakakonda."

Anapsompsona bambo pamphumi n'kutembenuza njinga. Pobwerera analira pa mlatho ponse, ndipo sanadziwe ngati ndi mkwiyo kapena manyazi, poti zonse zinalipo.

Mawa lake anakwera sitima yapamadzi ku IJmuiden. Atatsika ku Newcastle anakwera yapamtunda kulowera kumpoto, kenako n'kuyamba kupalasa. Scotland inamulandira ndi mvula yopingasa. Miyendo yozolowera dziko lathyathyathya inadandaula pa chitunda chilichonse. Kawiri anaiwala kuti kumeneko amayenda kumanzere, osati kumanja ngati kwawo, woyendetsa lole n'kumuimbira huta, iye n'kumutukwana bwinobwino m'chinenero chakwawo. Chomupalasitsa chinali mkwiyo. Ankakangana ndi Ewoud mokweza pamsewu, nkhosa zikumvetsera, ndipo mikangano yonseyo anapambana ndi iye.

Tsiku lachinayi masana analowa m'kanyumba kodyera pa kadoko kena, ali chinyowere, naitanitsa nsomba ndi tchipisi. Foni inalira.

"Rens, bambo sakudya." Mawu a Ewoud analibenso matama. "Lero ndi tsiku lachitatu, akungokankha mbale. Kunyanja sitinapiteko. Chonde bwerera, mawa kuli ndege."

Renske anaika mpeni pansi. Mutu unali utayamba kale ntchito: sitima ya madzulo, ndege, njinga aisiya pati. Kenako anayang'ana m'mbale mwake. Nsomba yonse ndi tchipisi anali atazidula ting'onoting'ono ngati chikhadabo, osadziwa n'komwe, ndipo anali atakhala phee kudikira kuti zizizire, monga amachitira ndi mbale ya bambo katatu pa tsiku. Anapsa mtima koposa tsiku lija la foni, tsopano akupsera mtima manja ake omwe, amene anawoloka nyanja yonseyi n'kukhalabe pa ntchito.

"Chakudyacho ukumawadulira?"

"Kudula?"

"Zaka khumi ndi chimodzi, iwe sudziwa kuti bambo ako sagwira mpeni! Dula ting'onoting'ono, chiyambe chazizira, supuni uwapatse kumanzere. Ndipo usawayang'ane akamadya, amachita manyazi."

"Ndiye ukubwera?"

"Sindikubwera. Kadule."

Anazimitsa foni, nakankha mbale ija, nakodola mayi wogulitsayo kuti abweretse ina. Mayiyo anayang'ana chakudya chosadyedwacho n'kuchinyamula. Mbale yachiwiri inafika ikufuka nthunzi. Renske anagwira nsomba yonse ndi zala zake zakudazo n'kuluma. Inamuwotcha lilime mpaka misozi kulengeza, poti anali ataiwala kuti chakudya chimabwera chotentha. Analumanso, osauzira.