Tsiku limene anamanga amayi m'chigafa

Amayi anayamba kudwala nyengo yothyola fodya, ine ndili namwali wamkulu ndithu. Ankasoka fodya m'chigafa akulankhula okha. Kenako anasiya kugona, n'kumayimba nyimbo za pamaliro dzuwa likuswa mtengo. Bambo anali atamwalira kalekale, choncho pakhomo tinalipo awiri.

Azimayi a m'mudzi, omwe aja osajomba kutchalitchi, anayamba kudutsa pakhomo pathu ngati ndiye njira ya kumjigo. Moni ankapatsa ine, maso ali pa wodwala. Posakhalitsa mphekesera inamveka kuti amayi anakhwimira fodya ndipo mankhwala awatembenukira. Fodya wake uti? Kamunda kathu ungapalire m'mawa umodzi n'kukasamba dzuwa lisanatenthe.

Ine ndinali wamanyazi, wolankhula ndikutosa pansi ndi chala chakuphazi. Ndinayamba kubisala m'nyumba.

Ndiye kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi, amene chimwalirire bambo sanapondepo pakhomo pathu. Anafika akudziguguda pachifuwa kuti ndiwo mwini mbumba. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinapeza atamangirira amayi pamzati wa chigafa ndi chingwe cha mbuzi. Ana a m'mudzi anali atawazungulira, amalumewo atakhala pampando wa bambo kudikira mneneri amene anamuitana.

"Amalume, mwawamangiranji?"

"Wamisala sanyengerera. Iwe khala chete, ungatengere."

Ndinayang'ana manja a amayi, atatupa. Kenako ndinayang'ana amalume, maso ofiira, fungo la kachasu lili guu. Uyu ndiye munthu amene ndinkamugwadira polonjera! Mantha anangondichoka. Ndinatenga mpeni n'kudula chingwecho.

"Mwana iwe, ukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani bwino, amalume. N'chifukwa chake ndadula."

Anayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza kukalipa. Panalibe. Azimayi aja anali ataima kuseri kwa nkhokwe, makosi atasolola ngati nkhuku.

Madzulo omwewo ndinaitana wa njinga yamoto. Amayi tinawaika pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, mpaka kuchipatala ku boma. Adokotala anandifunsa mafunso ambiri ndipo ndinayankha onse ndekha, nditadzutsa mutu. Anandiuza kuti awa ndi matenda ngati ena onse, ndipo mankhwala ake alipo.

Amayi sanachire tsiku limodzi. Miyezi ina amakhala bwinobwino, amalima, amandikalipira ndikapsereza ndiwo. Ina matenda amabweranso, ndipo ndimawadziwa poyambira pake, akangosiya kugona. Fodya wa chaka chimenecho ndinasankha ndekha, ndinadinda mabelo ndekha, ogula ndinatsutsana nawo ndekha.

Amalume masiku ano amauza anzawo pamowa kuti nzeru yopita kuchipatala inali yawo. Ndikamva ndimangolavula pansi.