Khutu langa lakumanzere

Zaka za nkhondo zinandipeza ndili dilesa, womanga mabala, pachipatala cha ku Boma, ku Chipata kuno. Chaka chilichonse ankasankha dilesa mmodzi kukaphunzira zachipatala ku Lusaka, ndipo ine malo amenewo ndinkawafuna moti tulo sindinkatiwona bwino. Mtima wanga unali pa matenda a makutu, mphuno ndi kukhosi. Manja anga sankanjenjemera. Mayi akabwera kuchokera ku Chipangali ndi mwana woti njere ya chimanga yamulowa m'mphuno, ankaitana ine, ndipo ndinkaikoka ndi kawaya kopinda mwanayo asanayambe n'kulira komwe.

Koma manja okha sankakwanira. Ankafuna satifiketi ya Sitandade 6, kalata ya abusa, ndi Chingerezi chosapunthwa. Ndinatolera zimenezi chimodzichimodzi ngati nkhuku. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga ya achimwene mpaka ku Madzimoyo kuti aphunzitsi ena opuma ntchito akandiwongole lilime, n'kubwerako msana utauma. Akazi anga ankandinena kuti ndatenga mkazi wachiwiri, dzina lake buku. Chaka choyamba anasankha mwana wa kalaliki. Chachiwiri anatenga mnzanga amene bandeji yake inkamasuka wodwala asanatuluke pakhomo. Ndinamunyamulira sutikesi mpaka palole, ndikumwetulira, mtima ukuwawa. Ndinatopa ine, kunena zoona, koma ndinalembanso.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinauzeko munthu. Khutu langa lakumanzere linafa ndili mwana, litatuluka mafinya dzinja lonse. Munthu akamalankhula ndinkapendeketsa mutu kuti ndimutchere lakumanja, ndipo anthu ankati ndi ulemu. Abusa nawonso analemba m'kalata yawo kuti ndine mnyamata wodzichepetsa. Ndinkaopa kuti zikadziwika, adzati gonthi sangapime makutu a anzake.

Chaka chachitatu dokotala wathu, mzungu wachikulire wolankhula Chinyanja cha m'mphuno, anandiuza kuti ulendo uno wasankha ine, kwangotsala kundipima thupi. Anandimvera pachifuwa, anandiyang'ana m'maso ndi kukhosi, zonse bwinobwino. Kenako anandikhazika pampando nati anditseka khutu lakumanja ndi chala, ayandikitsa wotchi yake kumanzere, ndipo ndikaimva ikugunda ndikweze dzanja. Anaima kumbuyo kwanga. Chala chitalowa, dziko lonse linangoti zii. Ndinawerenga chamumtima mpaka kasanu, n'kukweza dzanja.

Anachotsa chala, nazungulira kudzaima patsogolo panga. M'manja mwake munalibe kanthu.

"Wotchi ili patebulo apo," anatero motsitsa mawu. "Khutu lako ndinalidziwa kale. Khutu limodzi likwanira pantchito iyi. Koma munthu wonena wamva pamene sanamve, sindingamutumize."

"Pepani, bwana," ndinatero.

Anatenga pepala londitumiza ku Lusaka n'kulibweza m'dilowa. Ine dzanja linali likadali m'mwamba.