Kaseti Yopita kwa Azakhali

Bambo atawachotsa ntchito ku fakitale ya nsalu, mtima wawo unali kumudzi, ku Dedza, kumene anachoka ali mnyamata. Koma mtchona sangotulukira ngati mvula. Ankafuna mlongo wawo, azakhali athu, anene kaye kuti malo alipo. Azakhaliwo sankadziwa kuwerenga, ndipo zaka zimenezo opita ku Malawi anali osowa chifukwa cha nkhondo ya njira ya ku Tete. Ndiye mkulu wina wa mpingo wathu ku Unit D, dera lomwe tinkakhala m'dziko la Ashona, atanena kuti anyamuka Loweruka kupita ku Malawi, bambo anabwereka wailesi ya kaseti n'kundiuza kuti ndilembe zoti banja lonse lilankhule. Linali Lachinayi.

Ine ndinkadzimva ndi timasewero ta Khirisimasi timene ndinkalembera achinyamata kutchalitchi, choncho ndinati apa mpoonetsera luso. Koma munthu nthawi ikamakuthamangitsa umayamba ndi zofewa. Ndinalemba za magetsi, za madzi a pampopi, za buledi wa m'mawa. Azing'ono anga, amene Chichewa ankangochimva n'kumayankha m'Chishona, ndinawalembera timawu tokoma n'kuwaloweza ngati katekisimu. Amayi ndinawaikira ngakhale poti aseke. Zoti bambo amangokhala pakhonde tsiku lonse sindinalembe, ndipo iwonso sanafune. Pempho lenilenilo tinagwirizana kuti likhale kumapeto, poti supempha usanapereke moni. Lachisanu lonse linathera kusalaza moniwo.

Loweruka m'mawa tinayamba kujambula. Ana ankalakwitsa, ife n'kumabwereza. Tili mkati, mkulu uja anafika ndi chikwama chake, akuti basi ya pa siteshoni ya Chikwanha siyembekeza munthu.

"Kasikai, achimwene, nthawi yatha," anatero ali chiimire pakhomo, kutifulumizitsa m'Chishona.

Ndinapereka tsamba lomaliza kwa bambo. Panali mizere yochepa chabe: kuti ntchito inatha, kuti thupi latopa, kuti akufuna kubwerera. Anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana mlendo uja, akazi awo ndi ana awo, onse maso ali pa iwo. Anakhosomola.

"Mlongo wanga, ife kuno tili bwino. Usatidere nkhawa."

Anadina batani okha n'kutulutsa kasetiyo. Ndinawanong'oneza kuti tibwereze, koma mkulu uja anali ataiponya kale m'thumba.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti nthawi ikachepa chimene chimagwa ndi chimene mumachiopa, ndiye muzichiika poyamba. Ndinadziwanso kuti mawu ovuta ungamulembere munthu kumene, koma sungawatulutse pakamwa pake anthu akuyang'ana. Nzeru zimenezi sizinandithandize kanthu. Mpaka lero zimandiwawa.

Mkulu uja anabwerako mvula itayamba. Anatifotokozera mosangalala kuti mudzi wonse unasonkhana kudzamvera, kuti azakhali analira ndi chimwemwe atamva ana akulankhula chakwawo, ndipo kasetiyo anailiza mpaka mabatire kutha. Kenako anapereka uthenga.

"Akuti popeza mwakhazikika chotero, musavutike n'zobwera. Malo aja ankakusungirani apatsa mwana wawo wamkazi, wamangapo kale."

Bambo anagwedeza mutu n'kumuthokoza chifukwa cha ulendo. Anamuperekeza mpaka pamsewu. Pobwera anandipeza pakhonde, nakhala pampando wawo wa masiku onse.

"Unalemba bwino, mwanawe," anatero. "Akhulupirira zonse."