Katungwe wa a Zgambo

Lolemba pa 9 Sepitembala 2013, komiti ya sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Champhira inadula zingwe za katungwe wa a Bestone Zgambo, n'kuuza makolo kuti mkuluyo wazungulira mutu.

A Zgambo anali mlangizi wa zaulimi. Atapuma pantchito anabwerera kwawo, ndipo anapeza ana akulendewera pa luzi lowola kuseri kwa makalasi. Anagula chingwe chokhuthala ku Jenda, nasema thabwa, namangirira katungwe pa nthambi ya muwanga. Sanapemphe chilichonse kwa munthu.

Anali ndi lamulo limodzi. Tsiku lotsegulira sukulu, mwana asanakhudze thabwalo, ankayamba ndi iwo kukwera. Munthu wamkulu thupi, mkulu wa mpingo, tayi ili pakhosi, ankaimirira pathabwa n'kudzikankha mpaka jekete kuuluka kumbuyo. Ana ankagwa nazo nseko. Iwo nkhope ili gwa, khutu lili kuchingwe.

Tsiku lotsegulira sukulu la 2013 lija, wapampando wa komiti, a Zondwayo Shaba, anawapeza ali m'mwamba.

"Adada, tsikani. Alendo akudutsa pamsewu. Atiyesa anthu otani?"

"Atiyesa anthu oti ana athu sathyoka miyendo."

"Mangiriranipo thumba la chimanga, mbwenu basi mwayesa chingwecho. Mpaka mkulu wa mpingo azipita uku ndi uku ngati mchira wa ng'ombe?"

A Zgambo anatsika, akupumira m'mwamba. "Thumba longolendewera silinena kanthu, a Shaba. Katungwe akafika pamwamba, chingwe chimapuma. Chimavutika pansi penipeni, pomwe liwiro lakula, chifukwa pamenepo chanyamula thupi lako, chikulikhotetsanso kuti likwere mbali inayo. Chimakoka mwina kawiri kulemera kwako. Chikapirira ine pamenepo, palibe mwana angachidule."

"Mwalankhula bwino chomene," anatero a Shaba. "Koma manyazi ndi athu."

Masana ake zingwe zinali pansi, zodulidwa ndi chikwanje. Lamulungu lotsatira amayi ena kutchalitchi anapatsa a Zgambo moni wapansipansi, uja timapatsa odwala.

A Zgambo sanapite kukadandaula. Anatola thabwa lawo, nagula chingwe china, namangirira pa mtengo wa mango pakhomo pawo, pamene aliyense wopita kumsika amaona. Akazi awo, a NyaTembo, anangofunsa kuti, "Muvala tayi iti?" Anavala yofiira. Anakwera dzuwa lili pamutu, ndipo ana oweruka kusukulu anaima pamzere kudikira kuti atsike. Mwa anawo munali adzukulu awiri a a Shaba.

Katungweyo alipo mpaka lero, ndipo woyamba kukwera akadali a Zgambo omwe aja. Koma mawu oti ndi wamisala sanabwezedwe pamaso pa makolo amene anawamva. Choncho komiti iyankhe poyera: pa zaka zonse zimene a Zgambo ankayesa chingwe ndi thupi lawo, ndi mwana wa yani amene anagwa?