Zala za Achemwali

Achemwali anga sankatha kupereka moni wamba. Udokotala wa khansa unawalowerera: akakukumbatira, zala zinkayenda zokha m'khosi ndi kuseri kwa makutu, kufunafuna zotupa. Ine ndinkawakankha. Azimayi a kutchalitchi kwathu ku Nangongwe ankawatama kuti ali ndi chikondi, osadziwa kuti akupimidwa.

Zinali zaka zimene boma linkagulitsa makampani. Zovala zakale za salaula zinadzaza msika, mafakitale a Kafue akuchepa utsi. Ntchito ya atate ku fakitale ya feteleza inali itatha, koma m'mawa uliwonse ankavalabe shati yosita n'kukhala pansi pa mango. Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati ndinali m'tulo: nkhungu yochokera kumtsinje, namasupuni akuyandama mwaulesi, sitima ikulira kutali pa mlatho.

Loweruka lina achemwali anafika pa minibasi kuchokera ku Lusaka. Anagwada kupereka moni, kenako anadzuka kuti awongole kolala ya atate. Ndinaona zala zikutsika m'khosi mwa nthawi zonse. Zitafika m'munsi chakumanzere, zinaima. Kanthawi kochepa chabe. Anamanga batani, n'kuyamba kufunsa za nsomba za ku Chanyanya.

Kukhitchini anandiuza kuti apeza kachotupa kolimba, kosasuntha, ndipo mtundu wake akuudziwa. Kwathu wodwala sauzidwa zotere. Amauzidwa abale, mwiniwake n'kumangomva kuti ndi zilonda za m'mimba. Achemwali ankadana nacho chizolowezi chimenechi, ndipo anali atakangana ndi mabanja ambiri kuchipatala. Koma tsiku limenelo anandigwira mkono.

"Osabauza, napapata."

Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati choonadi chawocho ndi cha atate a anthu ena okha. Mawu amenewo amandipwetekabe.

Tinabisa milungu itatu, atate akupimidwa ku Lusaka ngati wa zilonda. Masana ena, achemwali akuwapatsa tiyi pansi pa mango paja, atate anawagwira dzanja n'kuliika pakhosi.

"Mwana wanga, chiyambire ntchito yako, zala zakozi sizinaimepo pa ine. Tsiku lija zinaima. Ndiuze ngati dokotala, kulira ulira pambuyo."

Achemwali anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana nawo. Anayamba ndi funso limene amafunsa wodwala aliyense asanamuuze za matenda ake.

"Mwabwela na ndani lelo, atate?"

Atate anatembenuka, n'kuloza ine.